Manja a Choko

"Amalume, anthu amene mumawalemberawa anakuonanipo nkhope?"

Anafunsa ndi Yankho, mwana wa mlongo wake, chaka chathachi, ataona Kalekeni akumata envulopu pakhonde. Kalekeni anati ayi. Mwanayo anapitiriza: "Nanga amadziwa bwanji kuti ndinu inuyo?" Iye anangoseka n'kumuuza kuti akathamangitse nkhuku pa mphale. Koma kusekako kunathera m'mano, chifukwa zoona zake anthuwo sankamudziwa.

Kalekeni Mphepo anali mlimi wa fodya wa bale ku Njombwa, pa maekala awiri amene malemu bambo ake anasiya. Fomu 4 anaimaliza pa sukulu ya madzulo, akupalasa njinga dzuwa litapendeka, utomoni wa fodya udakali m'zikhadabo. Ndakatulo yake ina itawerengedwa pa wayilesi pamodzi ndi keyala yake, makalata anayamba kubwera. Ambiri analemba kamodzi n'kuleka. Anatsala atatu: a Modester, mlakatuli wa ku Lilongwe wa cholembera chakuthwa ngati lumo, a Ernest, mlembi wa nkhani wa ku Mzuzu, ndi a Cornelius a ku Zomba, amene ankazokota zithunzi pa chitsulo chosalala, n'kupakapo inki, n'kudinda pa pepala.

Kalata yoyamba ya a Modester inatha ndi funso wamba: "Kodi inu mumagwira ntchito yanji?" Kalekeni anayang'ana zala zake nthawi yaitali. Kenako analemba kuti, "Ndine mphunzitsi."

Mawu awiri okha. Koma bodza lili ngati mphukira za fodya, ukapanda kuthyola lero, mkuja wapeza zadzaza mtengo wonse. Mphunzitsi anafunika kukhala ndi bwenzi loyenera mphunzitsi. Ndipo Kalekeni bwenzi anali nalo: Consolata, mwana wa a Amosi, matenanti ochokera ku Phalombe amene ankalima pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Ankamukonda moti anamulakatulira ndakatulo pansi pa chigafa, fodya akulendewera pamutu pawo:

Manja ako akuda ndi utomoni wa fodya,
ndi omwe ndikufuna adzanditseke maso.

Consolata analira tsiku limenelo, n'kumupempha kuti abwereze mpaka iye ataloweza. Koma potumiza ndakatuloyo kwa anzake a m'tauni, Kalekeni anafufuta mzere woyamba n'kulemba kuti, "Manja ako oyera ndi choko."

Anayiwo atagwirizana zotulutsa kabuku, a Cornelius anapempha chithunzi cha mwini manjawo kuti achizokote. Kalekeni anaika zithunzi ziwiri pa tebulo. China chinali cha Consolata m'chigafa, wopanda nsapato, mpango wothothoka kumutu, akuseka. China chinali cha Favour, mwana wa a Yobu aneba awo, chimene mtsikanayo anachilowetsa mwakachetechete m'buku lake la nyimbo pa Khirisimasi: diresi yonyezimira, kachikwama m'manja, kumbuyo kwake nsalu ya wojambula yokhala ndi nyumba zosanjikizana.

"Ku Zomba n'kutali," anadziuza. Anatumiza cha Favour.

* * *

Makalata a m'mudzimo ankadzera pa bokosi la mpingo ku positi ofesi ya ku Boma, ndipo kiyi ankasunga Kalekeni chifukwa cha njinga yake. Ndi mmene bodza lija linakhalira zaka ziwiri osatuluka. Koma sabata imeneyo anabwereka jeke yodindira mabelo kwa masiku atatu okha, moti analibe mpata wopita ku Boma, ndiye a Yobu, amene anali mkulu wa mpingo, anadzatenga kiyi n'kupita okha.

Lamulungu mapemphero atatha, a Yobu anaimirira kutsogolo ndi mulu wa makalata monga mwa mwambo. Anaitana mayina anayi, eni ake n'kukalandira. Kenako anakweza envulopu yaikulu yofiirira, n'kukonza magalasi.

"Iyi yandivuta. Yalembedwa kuti: Aphunzitsi K. Mphepo. Abale, mpingo uno tili ndi aphunzitsi a Mphepo?"

Anthu anayang'anana. Kenako mnyamata wina wa kwaya anaphulika, ndipo tchalitchi chonse chinatsatira. Amayi kumbali kwawo ankaseka ataphimba pakamwa ndi zitenje.

"Amaphunzitsa mabelo!" wina anafuula kumbuyo.

Kalekeni anadzuka. Kuchoka pa benchi kufika kutsogolo anali mapazi khumi okha, koma anawayenda ngati wasenza thumba la feteleza. 

"Ine ndinazunguzika ku positi kuja," a Yobu anatero, "ndiye ndinatsegula kuti ndidziwe mwini wake. Mundikhululukire." Koma nkhope yawo sinali ya munthu wopepesa. Inkawala.

Panja a Yobu anamukokera pambali, namugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwana wanga, zinthu zabwino sabisira akulu. Za uphunzitsizo ndi zachinyamata, tonse tinadzikuzapo. Koma chithunzi chija! Amayi ake a Favour agona osadya chifukwa cha chimwemwe. Chatsala kunyumba, mwini nkhope wakana kubweza."

"Bambo, nkhani yake ndi yakuti..."

"Usanene pano. Nkhani zoterezi zili ndi eni ake ozinena."

Anamusisita paphewa n'kupita. Kalekeni anakabisala kuseri kwa tchalitchi, pamene anthu amatsamiza njinga, n'kutulutsa zimene zinatsala mu envulopumo. Inali kalata ya a Cornelius.

"Aphunzitsi, nachi chithunzi choyamba kuchoka pa chitsulo, ndakatulo yanu ili pansi pake. Nkhope imeneyi ndaizokota masiku asanu ndi anayi. Ndi mtsikana wokongola, koma mundilole ndinene monga mnzanu: sindinamupeze mu ndakatulo yanu. Maso ake akuyang'ana wojambula. Manja abisala kuseri kwa chikwama, moti ndachita kuwaganizira. Mwina ndi ukalamba wanga. Mukavomereza, kumapeto kwa mwezi tidinda mabuku mazana atatu."

Pansi pake a Modester anawonjezera mizere iwiri, kalatayo itadzera kwawo: "Mzere wachiwiri ndi wa munthu wokonda. Woyamba uja wachita kubwerekedwa. Chokocho sichikununkha kanthu, aphunzitsi, lembani zimene mphuno yanu ikudziwa."

Kalekeni anapinda pepalalo kanayi. Anthu amene sanamuonepo anamugwira bodza ali kutali, ndipo anamugwira mwaulemu. Ulemuwo ndi umene unamuwawa kuposa kuseka kwa m'tchalitchi.

* * *

Kunyumba anapeza mayi ake, a Lefina, akuyimba nyimbo ya ukwati chapansipansi uku akupeta mpunga umene ankasungira alendo.

"Aphunzitsi afika!" anatero. "Khalani pansi, aphunzitsi, tikupatseni madzi."

"Amayi, musandiseke."

"Ndikuseke chifukwa chiyani? Lero ndayenda mutu uli m'mwamba. Ndimati mwana wanga wapenga ndi tenanti uja, kani nzeru uli nazo."

"Consolata sanakulakwireni kanthu."

"Sanandilakwire, ee. Ndi mwana waulemu, amagwada popereka moni. Koma anthu obwera ndi mvula n'kupita ndi lole, ukawafunafuna kuti tsiku la maliro? Kwawo unakuonako? Manda a agogo ake ukuwadziwa? Favour ndamuona akukwawa pabwalo pomwepa."

"Chithunzi chija ndinatumiza molakwitsa."

A Lefina anaimitsa lichero. "Molakwitsa? Unali utaledzera?"

"Ayi."

"Kunali mdima?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye sunalakwitse. Mtima unasankha, mutu usanadziwe." Anayambanso kupeta.

* * *

Madzulo ake Kalekeni anapeza Favour pa mpanda wolekanitsa makomo awiriwo, akuyanika diresi yomwe ija ya pa chithunzi, ngati dala.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi? Ana akhoza?"

"Favour, ndibwezere pepala lija."

"Liti? Lokhala ndi nkhope yangali?"

"Panachitika cholakwika. Ndikufuna ndichikonze chisanapite patali."

"Mwachedwa. Lapita kale ku mjigo dzulo." Anafinya mpango n'kuukutumula. "Mnzanu wa ku esiteti anali pa mzere. Ine sindinamuitane, atsikana ndi amene anamupatsa. Anawerenga mpaka pansi, mlomo ukuyenda ngati wa Sitandade 3. Atafika pa mawu aja oti adzanditseke maso, anabweza pepala, anasenza ndowa yake yopanda madzi, ulendo."

Kalekeni anagwira mtengo wa mpanda.

"Iwe ukudziwa kuti ndakatulo ija sindinalembere iwe."

"Ndikudziwa." Kuseka kunachoka pankhope pake. "Mumandiyesa chitsiru? Ine choko ndinachigwira liti? Koma chithunzi munasankha changa, a Kalekeni. Zinalipo ziwiri, si choncho? Palibe anakugwirani dzanja. Pamene munafuna mkazi woti muonetse anthu, munakumbukira ine. Nanga si mkazi ndi ameneyo, woti n'kuonetsa anthu?"

Kalekeni anayang'ana kutsidya kwa dambo.

"Zaka zitatu ndakhala ndikukupatsani moni pa mpanda pano, inu maso ali kutsidya kwa dambo. Lero mudzi wonse waona nkhope yanga pamwamba pa mawu anu. Mukawauze nokha kuti munangondibwereka ngati jeke. Mukawauze bambo anga. Tione."

Favour anatenga beseni lake n'kulowa m'nyumba.

* * *

Lolemba masana Kalekeni anawoloka dambo. Pa esiteti zigafa zinali zopanda kanthu, fodya wa matenanti anali atapita kale ku okushoni. Pakhomo pa tinyumba ta udzu amayi ankamanga ziwiya m'matumba. Mayi ake a Consolata anayankha moni wake osamuyang'ana.

"Ali kumadzi. Koma bambo, mapanga awiri avumbwitsa."

Anamupeza pa mwala wochapira, yekha. Consolata sanadzutse mutu. Anapitiriza kumenya malaya a bambo ake pamwala.

"Conso."

"Mwasochera. Kusukulu ndi uko."

"Ndabwera kuti ndikuuze zonse."

"Ndawerenga kale zonse. Ndimachedwa powerenga, koma ndimafika."

Kalekeni anakhala pansi pa udzu, pataliko pang'ono. M'njira anakonza mawu ambiri osalala, koma atawaona manja aja akufinya malaya, onse anamuthawa. Ananena zinthu monga zinalili: za funso la a Modester, za mawu awiri aja, za mzere umene anafufuta, za zithunzi ziwiri pa tebulo. Sanabise kuti anaziyang'ana nthawi yaitali asanasankhe.

Consolata anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Favour mumamukonda?"

"Ayi. Mulungu akundiona."

"Bola mukanamukonda."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Mwamuna akakonda wina, mkazi amalira n'kuleka. Zimachitika, ngakhale kwathu ku Phalombe. Koma inu mumakonda ine, n'kumachita nane manyazi. Nanga zimenezo ndilire bwanji?"

Anaimirira, anapukuta manja pa chitenje, n'kuwatambasula pamaso pake. Zikhadabo zinali zakuda m'mphepete, pa chala chachikulu panali chipsera cha singano yosokera fodya.

"Taonani. Sanasinthe. Ndawachapira zovala kuyambira m'mawa, ndi omwewa. Pansi pa chigafa paja munati chiyani? Ine ndinaloweza. Ndinkanena ndekha posoka fodya, anzanga n'kumandiseka kuti ndikupemphera. Dzana ndikuona mawu anga omwe ali pansi pa nkhope ya wina, manja anga mutawasambitsa."

"Sindinachite manyazi ndi iwe wekha, Conso. Ndinayamba ndi ine mwini. Ndinkaona ngati anthu aja akadziwa kuti ndine mlimi, aleka kundiyankha."

"Ndiye munawafunsa?"

"Ayi."

"Munawaweruza osawafunsa. Nanenso munandibisa osandifunsa." Anabwerera pamwala. "Anthu a m'mudzi mwanu amatitcha obwera. Ku mjigo timatunga pomaliza. Mayina a makuponi a feteleza akamalembedwa, ife timangoonerera ngati mbuzi pa msonkhano. Zonsezo sizinkandipweteka, chifukwa ndinkati alipo mmodzi kutsidyako amene amandiwerengera."

Kalekeni anaweramitsa mutu. Nyerere inkakwera pa nsapato yake, ndipo anaiyang'ana ngati ndi chinthu chofunika kwambiri padziko.

"Lole ya abwana ibwera Loweruka," Consolata anatero. "Bambo anena kuti ankhoswe anu akapanda kufika lole isanafike, ndikwera nawo. Chaka chamawa sabwereranso kuno, akuti akayesa ku Mchinji."

"Ndituma amalume a Fumbani. Mawa lomwe."

"Musathamangire amalume. Muyambe mwachita ziwiri. Anzanu a makalatawo muwalembere kuti ndinu ndani, ndipo ine ndine ndani. Muikemo chithunzi changa chomwe chija, chopanda nsapato. Akakuleka, akulekeni."

"Ndilemba."

"Chachiwiri, mupite kwa a Yobu. Masana, anthu akuona. Mukawauze ndi pakamwa panu kuti mwana wawo munamulakwira. Pakamwa, a Kalekeni, osati pa pepala. Mapepala anu ndawaona."

"Ukundimvera chisoni Favour?"

"Nayenso mwamuvula pagulu, kungoti sanazindikire bwino. Pitani. Mukatha zimenezo, amalume anuwo adzapeza mphasa itayalidwa. Mukalephera, musadzabwere kudzatsanzika. Sindikufuna kudzakuonani muli kuseri kwa mtengo lole ikunyamuka."

* * *

Tiyenera kunena zoona za Kalekeni: sanali munthu woipa mtima. Koma pa ntchito ziwiri zimene anapatsidwa, anayamba ndi yopepuka. Kwa a Yobu kunali mapazi makumi atatu kuchoka pakhomo pake. Ku Boma kunali ulendo wa theka la tsiku. Iye anasankha ku Boma.

Kalatayo anailembera pa shelefu ya mu positi ofesi, Lachiwiri m'mawa, ataimirira.

"A Cornelius, a Modester, a Ernest. Amene akukulemberaniyu si mphunzitsi. Ndine mlimi wa fodya, ndipo choko ndinachigwira komaliza pofufuta bolodi ku sukulu ya madzulo. Ndakunamizani zaka ziwiri. Mtsikana amene mwazokota masiku asanu ndi anayi si mwini ndakatulo. Mwini wake ndi uyu, dzina lake Consolata, mwana wa tenanti. Mzere woyamba unali wakuti: Manja ako akuda ndi utomoni wa fodya. A Cornelius, ndakuonongerani chitsulo ndi maso. Chonde musadinde. Mukaona kuti sindiyeneranso kukhala m'kabuku kanu, ndimva. Ine, Kalekeni Mphepo, mlimi."

Anayang'ana chithunzi cha Consolata komaliza. Anali asanaonepo kuti pa chithunzicho manja onse awiri akuoneka bwinobwino, singano ili pakati pa zala. A Cornelius sakanavutika kuwaganizira. Anamata envulopu, naiponya m'bokosi, ndipo itagwa mkatimo anamva ngati minga yatuluka m'phazi.

Pobwerera ankayeseza mawu a kwa a Yobu. "Bambo, ndabwera ngati mwana wolakwa." Ayi, akhoza kuganiza kuti Favour ali ndi pakati. "Bambo, chithunzi chija..." Anayesa njira zisanu, akulankhula yekha pa njinga, mpaka amayi ena ogulitsa nzimbe m'mbali mwa msewu anamuseka. Mtima unali utapepuka ndithu. Anafika poganiza kuti pofika Lachinayi amalume a Fumbani, mlongo yekhayo wa mayi ake, adzakhala atawoloka dambo.

Analowa m'mudzi dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Atakhota pa nkhokwe, anatsika pa njinga mwadzidzidzi.

Pa mpanda paja panaima mayi ake, atavala chitenje chatsopano, ndi a Yobu mbali inayo, chipewa chili m'manja. Sanamuone. Ankalankhula momasuka ngati anthu amene atha kale nkhani yaikulu, atsala ndi zokometsera.

"Mnyamatayo ndi wamanyazi," a Yobu ankatero. "Tikamudikira kuti alankhule yekha, tidzakalamba. Ana amayamba, akulu amamaliza."

"Ndi zomwe ndanena kwa achimwene a Fumbani m'mawa uno," a Lefina anayankha. "Ndapita ndekha. Avomera, akuti nkhani ya pakhomo ndi pakhomo siifuna nsapato."

Kalekeni anatsegula pakamwa. Mawu onse a m'njira aja anali pomwepo, pa lilime. Anangofunika kuyenda mapazi asanu. Koma anaona nkhope ya mayi ake, mmene inkawalira, nkhope imene sanaione chimwalirire bambo ake, ndipo anangoima pomwepo, njinga ili m'manja.

"Zaka ziwiri dzina lanu lakhala likudumphidwa pa makuponi," a Yobu anapitiriza, akutsitsa mawu. "Chaka chino mu komiti ndilimo. Apongozi a mwana wanga sangabzale chimanga popanda feteleza ine ndili moyo. Limenelo ndi lonjezo langa, asewere."

A Lefina anaseka mwamanyazi atamva dzina latsopanolo. Anapukuta dzanja pa chitenje, nalipereka pamwamba pa mpanda, lina litagwira pa chigongono.

"Nanenso nali langa, asewere. Loweruka lino m'mawa achimwene adzagogoda pakhomo panu, osati pena paliponse. Ndikadzabweza mawu amenewa, maliro anga musadzabwere."